Mwana Alembe Yekha, Makina Abwere Pambuyo

Mwana wa Sitandade 6 pasukulu ya boma muno m'Malawi amasenza katundu wolemera kuposa momwe ife akuluakulu timaganizira. Kunyumba amayankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, pamsika ndi pabwalo la mpira n'chimodzimodzi, koma akalowa m'kalasi mabuku ake onse, kupatula la Chichewa, ali m'Chingerezi. Aphunzitsi akalemba mutu pabolodi, amayembekeza kuti belu lisanalire mwanayo akhale atatulutsa chimangirizo chomveka m'chiyankhulo chomwe sachimva kwina kulikonse. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafunsidwa m'Chingerezi, ndipo wophunzira wa Fomu 4 akalakwa phunziro la Chingerezi satifiketi ya MSCE imamuphonya, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. N'zosadabwitsa tsono kuti chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya kampani ya OpenAI, mu Novembala 2022, makolo ndi aphunzitsi ayamba kufunsa ngati makina otere, omwe ambiri akungowatchula kuti AI, angathandize ana kudziwa kulemba Chingerezi. Ndikuona kwanga angathandize ndithu, koma pa ntchito imodzi yokha, yowerenga zimene mwana walemba kale ndi dzanja lake. Akangopatsidwa danga loti alembe m'malo mwa mwanayo, amagumula chomwecho chimene mphunzitsi akuvutika kumanga.

Tiyambe ndi chimene chikusowa kwenikweni m'sukulu zathu. Malamulo a Chingerezi sasowa. Ali m'mabuku, ndipo ana ambiri amatha kuwalakatula pamtima. Chosowa ndi munthu wowerenga zimene mwana walemba. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo aphunzitsi sadakwanirepo. Kalasi ya ana 90 si yachilendo. Mphunzitsi wa kalasi yotere akati athere mphindi 5 zokha pa chimangirizo chilichonse, afunika maola 7 ndi theka kuti amalize mulu wa makope umodzi, pomwe mawa lake ali ndi maphunziro ena oti akonzekere. Palibe amene angachite zimenezi sabata iliyonse. Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense amene adatsegulapo kope la mwana wake: zimangirizo zimaperekedwa mwa apo ndi apo, ndipo zikaperekedwa zimabwerera ndi chizindikiro chofiira pansi pa tsamba ndi mawu amodzi kapena awiri. Mwana sadziwa pomwe walakwitsa, ndiye sabata yotsatira amalakwitsa pomwepo. Aphunzitsi ena, pofuna kupulumutsa ana pamayeso, amangowalembera chitsanzo cha kalata yopempha ntchito kapena nkhani ya ulendo wa kunyanja kuti aloweze pamtima. Sitingawadzudzule kwambiri, koma kuloweza chimangirizo cha munthu wina si kulemba.

Apa m'pamene makina ali ndi malo, ndipo ganizoli si la dzulo. Mu 1966 katswiri wina wa ku America, Ellis Page, adaonetsa kuti kompyuta ingathe kupereka malikisi pa zimangirizo, ndipo mu 1999 bungwe la ETS lidayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa e-rater pochonga mayeso enieni. A Cambridge English ali ndi tsamba laulere lotchedwa Write & Improve lomwe limalandira zolemba za ophunzira n'kuwaonetsa malo okayikitsa. Chatsopano m'mapulogalamu onga ChatGPT, Gemini ndi Copilot n'chakuti amatha kucheza: mwana angafunse chifukwa chimene chiganizo chake chalakwika, makinawo n'kumufotokozera, n'kumupatsa chitsanzo china. Amatero chifukwa adadyetsedwa zolemba zochuluka zedi, zambiri mwa izo za Chingerezi, ndipo ntchito yawo ndi kulosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake. N'chifukwa chake ali ndi khutu lakuthwa pa zolakwa zimene zimabwerezeka kawirikawiri. Zolakwa za ana athu n'zotero ndithu, ndipo zili ndi gwero lake. Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi mu mlowam'malo, choncho mwana amasakaniza he ndi she. Chilibe timawu tonga a ndi the, choncho amatisiya kapena kutiika pomwe sitifunika. Kusiyana kwa l ndi r sikusintha tanthauzo la mawu kwa ife, choncho pray ndi play zimalowana. Makina amagwira zotere mosatopa, pa kope loyamba ndi pa kope la 90 mofanana, ndipo sanyogodola mwana pamaso pa anzake.

Vuto n'lakuti makina omwewo amene amaona cholakwa amathanso kulemba chimangirizo chonse m'kanthawi kochepa, ndipo mwana wanzeru zake sachedwa kutulukira njira yachiduleyi. Ena amati palibe choipa, popeza mwanayo akamawerenga Chingerezi chosalala chomwe makina amulembera, pang'onopang'ono chimulowa. Zoterezi zidayesedwa kalekale mwa njira ina, ndipo sizidayende. Ku Canada, ana oyankhula Chingerezi ankaphunzira maphunziro onse m'Chifalansa kwa zaka zambiri. Katswiri wa zophunzitsa ziyankhulo Merrill Swain atawafufuza adapeza kuti ankamva ndi kuwerenga Chifalansa bwino kwambiri, koma akati ayankhule kapena alembe, malamulo a chiyankhulocho ankawavutabe. Mu 1985 iye adafotokoza kuti kumva kokha sikukwanira. Munthu amadziwa chiyankhulo akakakamizika kutulutsa yekha mawu, chifukwa m'pamene amazindikira kuti chimene akufuna kunena sakudziwa kuchinena, n'kuyamba kufunafuna. Kuvutika kumeneko, kufufuta ndi kulembanso, ndiye phunziro lenilenilo. Munthu akalemba waganyu kuti amupalire munda palibe chotayika, chifukwa chimene akufuna ndi chimanga. Koma pa chimangirizo chokolola chake si tsamba lolembedwalo, ndi mwana amene walilemba, ndipo mwana wolemba waganyu amatuluka m'kalasi monga momwe adaloweramo.

Umboni wa zimenezi ulipo, ngakhale udachokera ku phunziro la masamu. Akatswiri a ku University of Pennsylvania, motsogozedwa ndi Hamsa Bastani, adayesa ophunzira a sekondale pafupifupi 1,000 ku Turkey ndipo adatulutsa zotsatira mu 2024. Gulu lina lidapatsidwa GPT-4 yongofanana ndi ChatGPT wamba, lina lidapatsidwa GPT-4 yolangizidwa kuti isaulule yankho koma izingolozera njira, ndipo lina lidatsala ndi mabuku okha. Pa nthawi yoyeserera, a makina wamba adakhoza kuposa a mabuku okha ndi 48 peresenti, pomwe a makina olozera njira adawaposa ndi 127 peresenti. Koma makina atachotsedwa n'kupereka mayeso, a makina wamba aja adatsika ndi 17 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sadawakhudzepo. Ambiri mwa iwo ankangofunsa yankho n'kukopera. Gulu la makina olozera njira silidagwe chotero, komanso silidapose a mabuku okha mwa njira yooneka. Choopsa kwambiri pankhaniyi n'chakuti ophunzira amene adabwerera m'mbuyo sankadziona kuti abwerera. Kholo loona zimangirizo zokongola m'kope la mwana wake lingapusitsike chimodzimodzi mpaka tsiku la mayeso a MANEB, komwe kulibe foni.

Wina atsutsa kuti nanga ku Nigeria bwanji, si zidayenda? Zidayendadi, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. Pakati pa chaka cha 2024, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idayesa Microsoft Copilot pophunzitsa Chingerezi m'sukulu za boma za sekondale mumzinda wa Benin City, m'chigawo cha Edo. Kwa masabata 6 ophunzira ankakumana akaweruka, kawiri pa sabata, ndipo pamapeto adalemba mayeso ndi cholembera papepala. Amene adachita nawo pulogalamuyi adakhoza bwino moonekeratu kuposa anzawo, ndipo atsikana adapindula kwambiri. Koma taonani momwe zidakonzedwera. Ophunzirawo sadangotayiridwa foni kuti adzionere okha. Ankakhala awiriawiri pa kompyuta, m'chipinda muli mphunzitsi, ndipo mafunso oyambira kucheza ndi makinawo adali okonzedwa kale mogwirizana ndi silabasi. Adali achinyamata a sekondale odziwa kale kuwerenga, m'dziko lomwe Chingerezi chimamveka kwambiri m'tauni. Ofufuzawo adapezanso kuti amene ankakhoza bwino kale ndiwo adapindula koposa, zomwe zikutichenjeza kuti makina angakulitse mpata pakati pa mwana wotsogola ndi wotsalira. Choncho Nigeria sakutsutsana ndi Turkey. Malo onse awiri akuonetsa kuti zotsatira zimatsamira pa amene wagwira chiwongolero ndi zimene makina aloledwa kuchita.

Ngakhale pa ntchito yochonga yomweyo, makina osalangizidwa amachita mopitirira. Mukawapatsa ndime ya mwana, chizolowezi chawo ndi kuikonza yonse n'kuibweza yosalala, yokhala ndi mawu amene mwanayo sadawamvepo. Mwana amaiona, amasangalala, amakopera, osaphunzirapo kanthu. Akatswiri adakangana kwa nthawi yaitali pa nkhani ya kuchonga zolakwa. John Truscott adalemba mu 1996 kuti kukonza malamulo a chiyankhulo m'zolemba za ophunzira n'kutaya nthawi, Dana Ferris adamutsutsa, ndipo kafukufuku wotsatira, monga wa John Bitchener ku New Zealand, adaonetsa kuti kuchonga kumathandiza kukalunjika pa mtundu umodzi kapena iwiri ya zolakwa nthawi imodzi. Aphunzitsi odziwa ntchito amachidziwa kale chimenechi: tsamba lofiira paliponse limangofooketsa mwana. Ndiye malangizo opatsa makina ayenera kukhala okhwima. Asalembenso chiganizo chilichonse. Asankhe cholakwa chimodzi chimene chabwerezeka, kaya ndi nthawi ya mneni, alozere mizere imene chili, afunse mwana kuti akuganiza kuti pasinthe chiyani, ndipo atchuleko chinthu chimodzi chimene mwanayo wachita bwino. Mwana akonze yekha, alembenso. Kulembanso kumeneku ndiko kumasowa kwambiri m'sukulu zathu, chifukwa mphunzitsi amene walephera kuwerenga kope kamodzi sangaliwerenge kawiri.

Palinso amene amati kudandaula konseku n'kofanana ndi kwa aja ankakana makakyuleta, ndipo m'tsogolo muno palibe adzafunika kulemba Chingerezi yekha. Koma ngakhale makakyuleta sitipatsa mwana wa Sitandade 2 asanadziwe kuwonkhetsa. Ndipo munthu wosatha kulemba kalata sangazindikire kuti imene makina amulembera yanena zosiyana ndi zimene iye amafuna.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha umphawi. Mabanja ambiri m'dziko muno alibe magetsi, foni yamakono m'mudzi ndi ya bambo kapena mayi, ndipo bandulo ndi ndalama. Kodi kukamba za AI m'sukulu momwe ana akuphunzirira pansi pa mtengo si kunyoza? Funsoli n'loyenera, koma silitseka nkhani. Kuyambira 2023 boma likuyendetsa pulogalamu ya BEFIT mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, yomwe ikupereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aziphunzira kuwerenga ndi masamu. Matabuletiwa sacheza ngati ChatGPT ndipo safuna intaneti, koma aonetsa kuti zipangizo zamakono zingafike kusukulu ya kumudzi ngati pali dongosolo. Komanso pali chifukwa china chosafunira foni m'manja mwa mwana aliyense. Mu 2023 bungwe la UNESCO lidalangiza kuti ana osakwana zaka 13 asamagwiritse ntchito mapulogalamu otere paokha, ndipo malamulo a OpenAI enieniwo salola mwana wochepera msinkhu umenewu. Ana ambiri a pulayimale ali pansi pa malirewa. Ndiye kwa iwo chida ichi chikhale m'manja mwa mphunzitsi. Foni imodzi ingajambule masamba a makope, makina n'kutola zolakwa zimene zafala m'kalasi yonse, mphunzitsi n'kumanga phunziro la mawa pa zolakwa zimenezo, m'malo mongotsata buku tsamba ndi tsamba. Angapemphenso makinawo kuti amukonzere ziganizo zoyeserera zokamba za chigayo, dimba ndi minibasi. Izi zili ndi zovuta zake. Makina amaphonya powerenga zolemba pamanja za ana, makamaka za pensulo, ndipo nthawi zina amatcha cholondola kuti n'cholakwika molimba mtima, choncho mawu omaliza akhale a mphunzitsi. Maina a ana aphimbidwe asanajambule, chifukwa zithunzizo zimapita ku makompyuta a makampani akunja, ndipo ana amalemba zinsinsi za m'nyumba mwawo osadziwa. Ndalama ya bandulo nayo isachoke m'thumba la mphunzitsi, yemwe malipiro ake sakufika kale kumapeto kwa mwezi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa magetsi ndi chiyankhulo cha mwanayo. Mwana wa zaka 10 amamva bwino kufotokoza kukakhala m'chiyankhulo chake, koma Chichewa chili ndi zolemba zochepa pa intaneti, ndipo Chiyao, Chilomwe ndi Chisena n'zochepetsetsa. Makina akamafotokoza m'Chichewa amapunthwa, amapeka mawu, ndipo nthawi zina amasakanizamo Chiswahili. Ndiye mwana amene akufunika thandizo kwambiri, uja Chingerezi chikumuvuta, ndi amene makina amalephera kumufikira. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo wophunzira angalembe nkhani yake m'Chichewa n'kuitembenuza ndi batani limodzi; imeneyinso ndi njira ina yothawira kuvutika kuja. Komabe kuganiza m'Chichewa si mlandu. Mwana akambe nkhani yake ndi anzake m'chiyankhulo chake, aisanje bwino, kenako alimbane yekha ndi kuivala Chingerezi. Pamenepanso makina afunika kuwayang'anira, chifukwa amakokera zolemba zonse ku Chingerezi cha ku America ndi ku nkhani za kumeneko. Mwana akalemba za kugwira ngumbi mvula yoyamba itagwa, kapena za agogo ake osuma mlandu kwa amfumu, chimangirizo chake chili ndi moyo ngakhale chili ndi zolakwa, ndipo chosalala chimene makina angamubwezere chingakhale cha mwana wina aliyense padziko lapansi. Tisaiwalenso kuti malinga ndi lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi mabungwe ena la 2022, ana pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse kum'mwera kwa chipululu cha Sahara satha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta akamafika zaka 10. Mwana wotere sangawerenge n'komwe malangizo a makina. Kwa iye choyamba ndi kuwerenga, m'chiyankhulo chimene amamva, ndipo ndalama za mabuku a Sitandade 1 zisapatutsidwe kukagulira zinthu zonyezimira.

Nanga mphunzitsi adziwa bwanji kuti ntchito ya kunyumba walemba ndi mwana? Sukulu zina, makamaka zomwe si zaboma m'mizinda, zingakopeke kugula mapulogalamu odzitcha kuti amagwira zolemba za makina. Asawakhulupirire. Mu 2023 akatswiri a ku Stanford University adayesa mapulogalamu 7 otere ndi zimangirizo zolembedwa ndi anthu enieni pa mayeso a TOEFL, omwe amalembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo. Zoposa theka zidanamiziridwa kuti zalembedwa ndi makina, pomwe za ana a ku America pafupifupi zonse zidadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti wophunzira chiyankhulo amagwiritsa ntchito mawu ochepa ndi ziganizo zosavuta kulosera, ndipo mapulogalamuwa amatenga zimenezo ngati chizindikiro cha makina. Kampani ya OpenAI nayo idatseka pulogalamu yake yotere mu Julaye 2023 chifukwa inkaphonya kwambiri. Mwana wa ku Ntcheu amene wakhetsa thukuta usiku wonse angatchedwe wa likasa chifukwa chakuti Chingerezi chake n'chophweka. Njira yodalirika ndi yakale yomwe ija: kulemba koyamba kuchitikire m'kalasi, m'kope, aphunzitsi akuona, ndipo zolembedwa koyamba zisang'ambidwe kuti zizioneka pambali pa zokonzedwa. Mwana akafunsidwa kuti afotokoze chifukwa chimene adasinthira mawu ena, zimadziwika msanga ngati ntchitoyo ndi yake.

Mafoni afika kale m'manja mwa ophunzira a sekondale m'matauni, ndipo sadikira chilolezo cha Unduna wa Zamaphunziro. Undunawu, pamodzi ndi Malawi Institute of Education ku Domasi ndi makoleji ophunzitsa aphunzitsi, utulutse malangizo achidule omwe mphunzitsi wamkulu aliyense angawatsate: msinkhu woyambira, ntchito zololedwa, ndi kasungidwe ka zolemba za ana. Kampani iliyonse yobwera ndi pulogalamu yake iyambe yaonetsa kuti ana amene aigwiritsa ntchito amalemba bwino makina atachotsedwa, pamayeso a pepala ndi cholembera, m'sukulu za kuno. Ndipo inu makolo amene mwana wanu amabwereka foni madzulo kuti alembe ntchito ya kusukulu, muuzeni ayambe wakuonetsani zimene walemba m'kope, foniyo muimupatse pambuyo pake.